Mapesi a Ambuya: Gawo Lachitatu

Chisanu cha Julayi chinali chitakhwima. M'mawa uliwonse utsi wa mbaula za ku Chunga unkasakanikirana ndi wochokera kumtaya wa zinyalala, ndipo anthu ankathamangira minibasi za kutauni manja ali m'khwapa.

Ine ndinali patchuthi, nditabwera kuchokera ku UNZA kumene ndimaphunzira zaulimi. Kuseri kwa nyumba ambuya anali ataimika mapesi a m'dimba lawo la kumtsinje, mulu wautali kuposa munthu, wotsamira khoma. Ndinasololapo phesi limodzi n'kuling'amba ndi mpeni.

"Ambuya, tabwerani muone alendo anu."

M'kati munali kapuchi, wotuwa, wofota, atadzipinda m'kanjira kamene anadzibowolera.

"Chakufa icho. Taya."

Ndinamukhudza ndi nsonga ya mpeni. Anagwedezeka pang'ono, mwaulesi.

"Sanafe, ambuya, wangozimitsa thupi. Phesi likayamba kuuma, iye amaleka kudya. Amapuma pang'onopang'ono, n'kumadyera mafuta amene anasunga chimanga chili chachiwisi. Khungu amafundula, koma m'malo mokula amanka nachepa. Akhoza kukhala chonchi miyezi isanu ndi umodzi."

"Osadya kanthu?"

"Ngakhale kulawa. Akudikira mvula. Ikangonyowetsa phesili mu Novembala, adzasanduka gulugufe wa usiku, n'kukaikira mazira pachimanga chanu chikadali chanthete. Ntchemberezandonda zija zinatipeza mu 2016 sizidziwa kugona, n'chifukwa chake zimasakasaka chimanga cha m'madimba nyengo ino. Koma uyu ndi mwininthaka, chilimwe amachidziwa."

Ambuya sanaseke, chonsecho nkhani zoterezi amazikonda. Maso awo sanali pa kapuchi. Anali pamulu.

"Mankhwala ake ndi aulere," ndinapitiriza. "Tigwetse mapesi onsewa, tiwayale pansi. Dzuwa la Okutobala lidzawawotchera momwemo."

"Usakhudze mulu umenewo."

"Koma ambuya..."

"Ndati usakhudze! Sukulu yakoyo ikathere pageti."

Chibadwire changa sanandikalipirepo chotero. Ndinapinda mpeni n'kukalowa m'nyumba, ndipo m'pamene zinthu zina zinayamba kundibwerera m'mutu. Ufa unkatha msanga ngati tili anthu anayi, pamene tinali awiri. Bulangeti lofiira la pabedi pawo silinkaoneka. Ndipo Loweruka, nditawapempha kuti tikalambule manda a malume kumanda a Chunga, anangoti miyendo ikuwawa, iwo amene kale ankapitako mwezi ndi mwezi.

Usiku umenewo tulo ndinachita tonamizira. Cha m'ma 11 koloko chitseko chinalira. Ndinasuzumira pawindo: ambuya, mbale yovundikira ili m'manja, akuzungulira kuseri. Anabwerako chimanjamanja.

Nditamva mkonono wawo, ndinatenga foni n'kutuluka opanda nsapato. Pansi pankaluma ngati ndaponda singano. Pafupi ndi khoma mapesi anali otalikirana, ndipo pampata wakewo pankatuluka fungo la nsima ndi kapenta.

M'katimo munthu anatsokomola.

Ndinayatsa tochi. Choyamba kuoneka chinali bulangeti lofiira, kenako dzanja lowonda, losowa chala chaching'ono. Dzanja lotero ndinkalidziwa limodzi lokha, ndipo mwini wake tinamulira chaka chatha, bokosi lili chitsekere.

"Zimitsa, mphwanga," anatero mawu a malume. "Akuona. Tacheuka, uyang'ane pageti."

Ikupitirira sabata yamawa.