Banki yobadwira ku Blantyre yafika m'maiko asanu

Pamene First Merchant Bank inkatsegulidwa ku Blantyre mu 1995, msika unali m'manja mwa zimphona ziwiri: National Bank ndi Commercial Bank.

Koma kabankika sikanachite mantha. Mu 2008 kanafika ku Botswana, mu 2013 ku Zambia ndi Mozambique. Mu 2017 eni ake anagula Barclays ya ku Zimbabwe, banki yakalekale ya Angerezi!

Kwa anthu a m'misika, nkhani yaikulu chaka chimenecho inali ina. Bankiyi inagulanso Opportunity Bank, ija inkatumiza galimoto m'misika, kumene alimi ndi amayi a geni ankasungitsa ndalama podinda chala. Ndalama zawozo zinasamukira ku banki yomwe lero ikutchedwa First Capital Bank.