Chifukwa Chake Tisonkhanitsa Mabatire Akutha

Ambiri mwaona zitini ziwiri ndi bokosi zimene ife a kagulu ka sayansi taika pakhonde la chipinda cha sayansi, ndipo ena mwatifunsa ngati tasanduka otola zinyalala. Tsono ndifuna kulongosola chifukwa chake.

Batire likatha mphamvu, mankhwala ake sathera pomwepo ai. Akhalabe m'kati, ndipo chikopa chake chikachita dzimbiri m'dzala kapena m'chimbudzi, mvula iwatenga ndi kuwalowetsa m'nthaka momwe zitsime zathu zitungamo madzi. Tikalitentha, utsi wake tiupuma ndife tomwe.

Tiwasiyanitsa pakuti kuopsa kwake sikufanana. Chitini choyamba ndi cha mabatire a tochi ndi a wailesi, amene ali ndi zinki ndi manganizi. Chachiwiri ndi cha mabatire a foni, amene ali ndi lithiyamu. Awa akaboowoledwa kapena kuphwanyika atha kuyaka moto, motero timata selotepi kunsonga kwake ndi kuwasunga kutali ndi nyumba zogonamo. Momwemo tiikamonso timabatire ta wotchi tonga mabatani, poti mwana akameza kamodzi kamuwotcha kummero. M'bokosi muponyedwa machaja, mawaya ndi mafoni ofa.

Oopsa koposa ndi mabatire akuluakulu a galimoto ndi a sola, pakuti m'kati mwake muli asidi ndi mtovu. Mtovu uwononga ubongo wa mwana, kotero kuti nzeru zake sizikula bwino. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma fumbi lake linapitirira kudwalitsa ana zaka zambiri pambuyo pake. Chotero mabatire otere sitiwaswa konse. Tiwapereka kwa aphunzitsi athunthu, osawapendeketsa. Ubwino wake ndi wakuti mtovu ukasungunulidwa kufakitale yoyenera upanganso batire latsopano.

Vutoli si la sukulu yathu yokha. A bungwe la United Nations anawerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinakwane gawo limodzi mwa magawo anai. Komatu m'zotayidwazo muli mkuwa, ngakhale golide pang'ono.

Wina anena kuti zitini ziwiri n'zochepa. Inde n'zochepa, koma taganizani: pafupifupi aliyense wa ife ali ndi tochi yowerengera magetsi akazima, ndipo mabatire ake sakhalitsa. Onsewo akalowa m'dzala la kuseri kwa khitchini chaka ndi chaka, adzamwa madzi ake ndi ang'ono athu amene adzabwera m'mbuyo mwathu.

Pomaliza ndikupemphani kuti Loweruka lililonse, pa nthawi yosesa, mubweretse mabatire anu akutha kwa mtsogoleri wa nyumba yanu. Musambe m'manja mukagwira batire lodontha.