Timakaseti ta MiniDV ndi Tsoka Limene Likutiyembekezera

M'nyumba zambiri muli timakaseti tating'ono, toposa pang'ono bokosi la machesi, timene tikusunga zithunzi zoyenda za ukwati, chinkhoswe kapena maliro a m'bale. Tambiri mwa timakaseti timeneti ndi ta mtundu wa MiniDV. Kodi tinachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani eni ake ayenera kuchita changu?

M'chaka cha 1995 makampani ambiri, motsogozedwa ndi Sony ndi Panasonic a ku Japan, anatulutsa njira yojambulira yotchedwa DV. Makaseti akale, monga VHS ndi Video8, munthu akawakopera pa kaseti ina, chithunzi chinkafwifwa. Koma DV imasandutsa chithunzi kukhala manambala, ndipo manambala akakoperedwa amatuluka monga analili.

Kaseti ya MiniDV ndi ya mamilimita 66 mulitali ndi 48 mulifupi, ndipo tepi yake ndi ya mamilimita 6.35. Imajambula mphindi 60, kapena 90 tepi ikayendetsedwa pang'onopang'ono. Mu 1999 kampani ya Sony inatulutsa Digital8, imene inkalemba manambala omwewo pa makaseti a Hi8. Mu 2001 inatulutsanso MicroMV, kaseti yochepetsetsa, koma sinapite patali. Mu 2003 kunabwera HDV, yojambula zithunzi zooneka bwino koposa pa kaseti ya MiniDV yomweyo. Pambuyo pake timakadi tosungira zithunzi tinalanda malo a matepi onsewa.

Vuto lagona apa. Makamera oonetsa matepi amenewa analeka kupangidwa, ndipo otsalawo akutha mmodzimmodzi. Makompyuta a masiku ano alibenso polowetsa chingwe cha FireWire, chimene chimasamutsa zithunzi kuchoka mu kamera. Nayonso tepi imaopa kutentha, fumbi ndi chinyezi cha m'dzinja, chimene chimabweretsa nkhungu.

Tsono amene ali ndi makaseti otere afunefune kamera yamoyo ndi kompyuta yolandira FireWire. Kukoperako kumafuna kudekha, pakuti tepi ya ola limodzi imatenganso ola lathunthu, ndipo imadya malo okwana magigabayiti pafupifupi 13. Zokoperazo zisungidwe m'malo awiri osiyana. Makaseti enieniwo asatayidwe. Aikidwe choimirira m'timabokosi tawo, pamalo pouma ndi pozizira, kutali ndi maginito a masipika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tepi ikaola, nkhope ndi mawu a agogo amene ali mmenemo sadzabwereranso.