Kodi madokotala a mano amatibera?

Munthu akamatuluka m'chipatala cha mano cholipira atagwira tsaya, dandaulo lake timalidziwa: "Kantchito ka mphindi khumi, ndalama zonsezi?" Ambiri timakhulupirira kuti dokotala amangotchula mtengo womwe wamubwerera m'mutu, podziwa kuti wodwala dzino alibe mphamvu zonenerera. Kukayika kumeneku n'komveka, chifukwa dzino likamawawa munthu sagona, ndipo amavomera chilichonse.

Koma ndalamazo sizilipirira mphindi khumi zokhazo. Jakisoni wochititsa dzanzi, magolovesi, mankhwala omatira dzino, tizitsulo toboolera, ngakhale mpando womwe mwagonapo, pafupifupi zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zotere sikanakhala pomwepo. Chitsulo chilichonse chomwe chalowa m'kamwa mwa munthu chimayenera kutsukidwa, kenako n'kuikidwa m'makina a nthunzi yotentha kwambiri, kuti wobwera pambuyo asatengere matenda a chiwindi kapena HIV. Makinawo amadya magetsi, ndipo magetsi akathima pamalira jenereta. Wodwala saiona ntchito imeneyi, komatu ndi yomwe sindingafune kuti wina aidumphe pofuna kutsitsa mtengo.

Madokotalanso ndi ochepa. Kwa zaka zambiri wofuna digiri ya udokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, mpaka mu 2019 pomwe maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow.

Enanso amati kuzula n'kotchipa kusiyana ndi kumata. Pa tsikulo, nthawi zambiri ndi zoona. Koma dzino likachoka, oyandikana nalo amayamba kupendekera pampatapo, lomwe limalumana nalo limayamba kutalika, zakudya zimakakamira, ndipo chimanga chokazinga mumatafunira mbali imodzi. Mukadzafuna dzino loikirira, mtengo wake umaposa wa kumata komwe munakana kuja. Chomwe chimakweza mtengo kwenikweni ndi kuchedwa. Kabowo kakang'ono kamamatidwa ulendo umodzi. Ife timadikira, tikumwa Panado, ena akuika aspirin padzino mpaka kupsereza usinini, kufikira kubola kutafika pamtsempha ndipo tsaya latupa. Pamenepo kupulumutsa dzinolo kumafuna kuchotsa mtsempha, kujambula, maulendo angapo, mwinanso chisoti chovindikira dzino. Ndimamva chisoni ndikaona wachinyamata wa zaka 25 ali ndi mipata itatu m'kamwa, mano omwe akanamatidwa pa mtengo wochepa.

Apa sindikunena kuti mtengo uliwonse ndi wachilungamo, kapena kuti pokwera mtengo ndiye pali luso. Nthawi zina mukulipirira lendi ya nyumba ya m'tauni ndi mipando yawofuwofu ya polandirira alendo. Chosalungama chomwe chimachitikadi ndi kumuuza munthu mtengo ntchito itatha kale, kapena kuwonjezera zinthu zomwe sanazivomere. Dokotala wabwino amayamba wayeza, n'kukuuzani njira zomwe zilipo, mtengo wa iliyonse, ndi zomwe zingachitike mukasankha kudikira. Sakhumudwanso mukati mukufuna mukamve kaye kwa dokotala wina.

Zipatala zikuluzikulu za boma monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali ya mano, ngakhale mzere umatalika ndipo zomatira zimasowa nthawi zina. Mukasankha cholipira, onetsetsani kuti dokotalayo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ngati muli pa MASM kapena inshulansi ina, funsani kaye kuti akulipirirani zingati. Ndipo musanatsegule pakamwa, pemphani kuti akulembereni mtengo wonse papepala.