KARUTA: NJUGA IMENE INASANDUKA MPHUNZITSI

Tsiku lina madzulo, pocokera kophunzitsa katekisimu kuno ku Kamushanga, ndinapeza anyamata anai atabisala kuseri kwa nyumba yosatha kumanga, makhadi ali m'manja, tindalama tili pansi. Atandiona anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Mmodzi wa iwo ndi mwana amene ndikumkonzekeretsa kulandira Ukaristia woyamba.

Cilondaci n'cakale m'tauni yathu ya Kabwe. Mgodi utatsekedwa m'caka ca 1994, abambo ambiri anasowa nchito, ndipo ena anayamba kufunafuna mwai pa njuga. Lero njugayo yalowa ndi m'mafoni momwe. Makolofe mankhwala athu ndi amodzi: kulanda makhadi ndi kuwaponya pamoto. Koma mawa mwana amapeza ena. Anzathu a ku Japan anayesa njira ina, ndipo ndifuna tiione.

Karuta ndi kalata, mimba imodzi

Apwitikizi anafika ku Japan m'caka ca 1543, ndipo Francis Xavier Woyera anatsika m'ngalawa pa Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549. Amishoni anabwera ndi Uthenga Wabwino, amalinyero anabwera ndi makhadi. M'Cipwitikizi khadi amati carta. Pakamwa pa Ajapani liuli linasanduka karuta, monga momwe pakamwa pa makolo athu, amene anakumana ndi Apwitikizi ca ku Tete ndi ku Zumbo, linasandukira kalata. Conco karuta ndi kalata ndi ana a mimba imodzi.

Pambuyo pake olamulira a Japan anadana ndi zonse za alendowa. Paul Miki ndi anzake 25 anapacikidwa pamitanda ku Nagasaki pa 5 Febuluwale 1597, Cikhristu cinaletsedwa mu 1614, ndipo Apwitikizi anapirikitsidwa mu 1639. Makhadi anatsala. Boma linaletsa njuga kangapo konse, koma otchova ankangosintha zithunzi za pa makhadi n'kupitiriza. Kuletsa kokha sikunathetse kanthu.

Komabe m'mabanja munabadwa nzeru ina. Kalekale Ajapani anali ndi masewera ofananitsa zigoba ziwiri za nkhono ya m'nyanja. Anatenga masewerawo nawasamutsira pa makhadi, ndipo polemba nambala analembapo ndakatulo ndi miyambi. Kufikira lero, pa cikondwerero ca caka catsopano, agogo ndi adzukulu amakhala pansi pamodzi kusewera karuta popanda ndalama kuoneka.

Kaseweredwe kake

Mtundu wosavuta ndi wa ana, wochedwa iroha karuta. Pamakhala miyambi 48, ndipo mwambi uliwonse uli ndi makhadi awiri. Khadi loyamba lalembedwa mwambi wonse. Laciwiri lili ndi cithunzi ca mwambiwo pamodzi ndi lembo lake loyamba. Masewera amayenda motere:

1. Sankhani wowerenga mmodzi. Iye sapikisana nawo, ndipo ndiyenso woweruza.

2. Yalani makhadi onse a zithunzi pansi, zithunzi zikuoneka. Osewera akhale mozungulira, manja ali pa maondo.

3. Wowerenga asakanize makhadi ake, atengepo limodzi, awerenge mokweza.

4. Amene wayamba kukhudza khadi loyenera ndiye mwini wake.

5. Wokhudza khadi lolakwa alipe: abweze limodzi mwa amene anapata, kapena apume ulendo wotsatira. Gwirizanani za cilangoci musanayambe.

6. Makhadi akatha pansi, aliyense awerenge ake. Wa ambiri ndiye wapambana.

Mtundu wa akuluakulu ndi uta-garuta, wa ndakatulo 100 zimene anasonkhanitsa Fujiwara no Teika m'zaka za m'ma 1200. Apa khadi la pansi lili ndi theka lomaliza lokha la ndakatulo. Wowerenga amayamba ndi theka loyamba, motero wosaloweza amadikira, pamene woloweza amatola khadi wowerenga asanamalize ngakhale liu limodzi. Pa mpikisano, umene malamulo ake anakhazikitsidwa ku Tokyo mu 1904, amasewera anthu awiri. Pa makhadi 100 amatengapo 50 okha, aliyense 25, nawayala m'mizere itatu patsogolo pake. Amapatsidwa mphindi 15 zakuti aloweze pamene pali khadi lililonse. Ukatola khadi la kumbali ya mnzako, umampatsa limodzi la kwako, ndipo woyamba kutsiriza a kumbali yake ndiye wapambana. Akatswiri a dziko lonse amalimbirana ukulu mwezi wa Januwale caka ndi caka ku kacisi wa Omi Jingu mumzinda wa Otsu.

Tipange athuathu

Palibe cifukwa coitanitsira makhadi ku Japan. M'caka ca 1947, nkhondo itangotha ndipo umphawi uli ponseponse, anthu a m'cigawo ca Gunma anapanga karuta wao wa makhadi 44, wochedwa Jomo Karuta, wophunzitsa ana mapiri, mbiri ndi anthu ochuka a kwao. Ana a kumeneko amasewerabe. Ifenso katoni, lumo ndi colembera tili nazo.

Kuno ku Kabwe ana athu amasakaniza Cinyanja, Cibemba ndi Cingerezi m'ciganizo cimodzi, ndipo miyambi ikupita kumanda pamodzi ndi agogo. Pitani kwa agogowo akupatseni miyambi 20 yoyambira. Dulani mwambi uliwonse pakati. Pa khadi la wowerenga lembani wonse, pa la pansi theka lomaliza. Wowerenga akati "Mutu umodzi," ana afunefune "susenza denga." Akati "Walira mvula," afunefune "walira matope." Kwa osadziwa kuwerenga jambulani cithunzi. Onjezani lamulo limodzi lathu: wotola khadi afotokoze tanthauzo la mwambi, akalephera khadi libwerere pamphasa. Njira yomweyi ingathandize m'miphakati pophunzitsa Masakramenti asanu ndi awiri kapena maina a Atumwi.

Ine ndinayesa ndi kalasi langa. Amene anatola makhadi ambiri ndi mnyamata uja ndinampeza kuseri kwa nyumba, pakuti maso ndi dzanja zinali zozolowera kale. Kuti njuga waileka, sindingalumbire. Cimene ndaona n'cakuti Loweruka madzulo amakhala ndi ife, ndipo pomaliza masewera palibe amene amapita kwao atataya ndalama ya ufa.

Mvula ya Januwale ikatsekereza ana m'nyumba, yalani mphasa. Bambo, inu mukhale wowerenga. Mwana amene waphunzira makhadi pa maondo a atate wake sadzafulumira kukawaphunzira kuseri kwa nyumba.