Injiniya amene mdani wake ndi fumbi

Wokonza mafoni pamsika wa Neno Boma ali ndi mawu awiri amene eni mafoni amawaopa: IC yapsa. Batire amasintha, sikirini amasintha, pochajira amawotcherera. Koma IC, kanthu kakuda kaja kochepa kuposa chikhadabo, kakangofa palibe mmisiri amene angakatsegule n'kukakonza. Amangokamatula n'kuikapo kena kochokera m'foni yakufa, apo ayi mwiniwake akagule ina. Kanthu kameneka ndi chip, ndipo kamapangidwa ndi mainjiniya a m'makampani a semiconductor, amene ambiri a iwo dzina loti Neno sanalimvepo.

Komatu ntchito ya manja awo yadzaza boma lonse. Mafoni ambiri a Itel ndi Tecno amayendera machip a kampani ya Unisoc ya ku Shanghai kapena MediaTek ya ku Taiwan. Sola ili padenga la golosale nayonso ndi semiconductor. Kuchipatala cha boma, kumene a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo kuyambira 2007, mbiri ya odwala ambiri imasungidwa m'makompyuta, ndipo azaumoyo oyendera anthu m'midzi amalemba za mabanja awo pafoni kudzera mu Yendanafe.

Waya wa kopa amalola magetsi kudutsa nthawi zonse, pomwe pulasitiki wokutira wayayo salola n'komwe. Silikoni, amene ndi semiconductor, ali pakati: ukamuthira tizitsotso ta boron kapena phosphorus, amalola kapena kukana malinga ndi mmene wamulamulira. Pa khalidwe lotere la ma semiconductor ndi pamene panabadwira transistor, kaswichi kosafuna chala, kamene John Bardeen ndi Walter Brattain anakayesa koyamba ku Bell Labs ku America mu 1947. Chip yoyamba ya Intel yoyendetsa makina owerengera, ya 4004, inatuluka mu 1971 ili ndi matransistor 2,300. Ya Apple yotchedwa M1, ya mu 2020, ili ndi 16 biliyoni.

Silikoni amachokera m'mwala wa quartz, womwewo umanyezimira mumchenga wa kumtsinje. Amamuyenga mpaka zinyalala zitatsala pang'ono kutheratu, amamusungunula pa moto wopitirira madigiri 1,400, n'kumukoka pang'onopang'ono kukhala chimtanda chozungulira. Chimtandacho amachidula timapale topyapyala totchedwa wafer, tambiri mwa ito totambalala mamilimita 300. Kenaka pamabwera ntchito yonga kusindikiza chitenje: maluwa ena pamwamba pa ena, aliwonse pamalo pake ndendende. Apa chosindikizira ndi kuwala. Amapaka mankhwala omva kuwala, amawunikira kudzera m'chojambula cha mawaya, amatsuka, amakokolola posafunika, amathira chitsulo, n'kuyambiranso. Wafer imodzi imadutsa masitepe mazanamazana ndipo imatha kukhala m'fakitale miyezi itatu.

Aliyense amene anakwerapo galimoto yochokera ku Mwanza kupita ku Neno Boma mwezi wa Okutobala akudziwa mmene fumbi limalowera m'makutu ndi m'chikwama chotseka. Kwa wapaulendo n'zongosamba basi. M'fakitale ya machip kafumbi kamodzi kosaoneka ndi maso ndi chimwala chogwera pamsewu, chifukwa tinjira ta magetsi tam'chip ndi tochepa kuposa tsitsi kambirimbiri. Tsitsi la munthu limanenepa mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, pomwe tizigawo ta transistor ya masiku ano timayezedwa m'makumi a mananomita.

N'chifukwa chake injiniya asanalowe m'chipinda chogwiriramo ntchito amavala chovala chophimba thupi lonse, chipewa, chotseka pakamwa, magolovesi ndi majombo, maso okha ndiwo amaonekera. Chovalacho sichiteteza iyeyo. Chimateteza wafer ku mfundu, tsitsi ndi malovu a munthu, amene ndiye gwero lalikulu la litsiro m'chipindamo. Zodzoladzola n'zoletsedwa, pensulo ndi pepala wamba n'zoletsedwanso. Mpweya umasefedwa kuchokera kudenga n'kutsikira pansi pobooka timaenje, usana ndi usiku. Kumene amawunikira mawafer magetsi ake ndi achikasu, kuopa kuti kuwala koyera kungapsereze mankhwala aja nthawi isanakwane.

Amene amaganiza kuti injiniya wa kumeneku amakhala akutulukira zinthu zatsopano tsiku ndi tsiku angakhumudwe. Ntchito yaikulu ndi kulondalonda. Pa wafer imodzi pamakhala machip mazana, ndipo pamapeto pake ena amapezeka akufa. Chiwerengero cha amoyo amachitcha yield, ndipo pa nambala imeneyi ndi pamene pagona phindu la kampani ndi mtendere wa injiniya. Ikatsika pang'ono, iye amakhala pakompyuta kufunsa mafunso otopetsa: mawafer oipawa anadutsa pamakina ati, tsiku liti, kutentha kunali bwanji, botolo la mankhwala linasinthidwa liti? Vuto limatha kuonekera lero pamene linayambika sabata zisanu ndi imodzi zapitazo, ndipo panthawi yonseyo mawafer ena ambiri adutsa kale pamakina omwewo. Ntchito imeneyi imafuna munthu wosanama pa manambala ndi wosatopa kulemba, kuposa munthu wanzeru zothwanima.

Fakitale siizima. Amisiri ambiri amagwira mashifiti a maola 12, ndipo injiniya woyang'anira makina amagona foni ili pamutu, chifukwa makina akaima pakati pa usiku samadikira kuti kuche. Mtengo wake ndi umene umawachititsa liwiro. Makina osindikizira apamwamba kwambiri, a EUV, amapangidwa ndi kampani imodzi yokha padziko lonse, ASML ya ku Veldhoven ku Netherlands, ndipo amodzi amaposa madola 150 miliyoni. Kuti apeze kuwala kumene akufuna, amawombera timadontho ta chitsulo cha tin chosungunuka ndi laser, timadontho 50,000 pa sekondi. Malipiro m'makampani otere ndi abwino, koma kudandaula za maola aatali n'kofala, makamaka ku Taiwan ndi South Korea.

Nanga bwanji osamanga fakitale yotere kwathu kuno, poti mchenga ulipo? Yankho lili pa Shire pomwepa. Kumalire a Neno ndi Blantyre kuli Nkula, kumene Malawi anayambira kupanga magetsi ochuluka a madzi mu 1966, ndi Tedzani kumunsi kwake. Nkula B imatulutsa mamegawati 100, ndipo fakitale imodzi yaikulu ya machip imatha kumeza onsewo yokha. Sikuchuluka kokha ayi: magetsiwo asaphethire. Mu Febuluwale 2021 chisanu chitasokoneza magetsi ku Texas, fakitale ya Samsung ku Austin inaima kwa sabata zingapo, mawafer ambiri n'kuwonongeka. Ndiye taganizani za dziko limene namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Za ndalama n'zosayamba. TSMC, kampani ya ku Taiwan imene Morris Chang anayambitsa mu 1987, italengeza mu 2020 fakitale yake yoyamba ku Arizona inatchula madola 12 biliyoni, pafupifupi chuma chonse chimene Malawi amapanga pa chaka.

Koma si mainjiniya onse a semiconductor amene amavala chovala choyera chija. Ambiri sanapondemo m'fakitale. MediaTek ilibe fakitale yakeyake, imangojambula machip n'kutumiza kwa ena kuti asindikize. Arm ya ku Cambridge imagulitsa mapulani a machip, ndipo pafupifupi foni iliyonse ya intaneti ili ndi mapulani ake. Ojambulawa amalemba chip ngati pulogalamu ya pakompyuta, ndipo gulu lina, nthawi zambiri lalikulu kuposa loyamba, limatha miyezi likuyesa kupeza cholakwika mapulaniwo asanapite kufakitale, poti akangosindikizidwa palibe kufufuta. Ntchito iyi zida zake ndi kompyuta, mapulogalamu okwera mtengo, intaneti yodalirika ndi mutu wa masamu.

Khomo limeneli ndi limene latsegukako mu Africa. Ku Paarl ku South Africa kuli Azoteq, kampani yojambula machip ozindikira kukhudza kwa chala. Kupatula zojambulazi, ku Bouskoura ku Morocco, STMicroelectronics ili ndi fakitale yoika machip m'zikutiro zake ndi kuwayesa.

Kwa mwana wa Fomu 3 ku Neno, njira imayambira pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri pa MSCE. MUBAS ku Blantyre, imene ambiri akuitchulabe Poly, imaphunzitsa uinjiniya wa magetsi ndi wa electronics, ndipo MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi maphunziro a uinjiniya wa zitsulo, wa mankhwala a m'mafakitale ndi wa zipangizo zachipatala. Wofuna kufika pa kujambula machip penipeni amafunika digiri yachiwiri, ndipo kawirikawiri imeneyo ndi ya kunja.

Otsala kuno sasowa chochita ndi silikoni. Minda ya sola ya ku Nanjoka ku Salima, ya mamegawati 60, ndi ya ku Golomoti ku Dedza, ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire, imadalira ma inverter odzaza matransistor amphamvu, ndipo wina ayenera kuwamvetsa akavuta. Ku EGENCO, ESCOM, TNM ndi Airtel n'chimodzimodzi. M'zipatala za maboma, makina ambiri othandiza kupuma ndi oyeza magazi amaunjikidwa m'sitolo chifukwa cha kabolodi kamodzi kamene kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo amisiri odziwa kulondola vuto pabolodi yotere akadali owerengeka.