Gogodela ya mipope iwiri si yoombera patali

Ku Rufunsa, m'midzi ya Mfumu Mpanshya ndi Mfumu Shikabeta, nguluwe zikalowa m'munda anthu amakumbukira gogodela, mfuti ija timathira wonga kukamwa n'kutsindira ndi ndodo. Ndikufuna ndifotokoze za ya mipope iwiri, chifukwa ambiri amaiyesa yoposa zonse.

Mfutiyi anaipangira tizipolopolo ting'onoting'ono tomwazika, toombera nkhanga. M'kati mwa mpope wake ndi mosalala, mulibe mizere yozunguza chipolopolo ngati mfuti za asilikali. Mukaikamo chipolopolo chimodzi chobulungira cha mtovu, ngakhale mutachikulunga m'kansalu kuti chithine, chimatuluka chosazungulira bwino, ndipo chikapitirira mamita 50 chimayamba kuyenda njira yakeyake. Komanso mipope iwiriyo kawirikawiri siloza pamodzi: wina umaponya kumanja, wina kumanzere. Mapeto ake nyama imathawa ndi bala, ndipo nguluwe yovulala njoopsa kwa mwana wopita kudimba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpope wachiwiri. Woyamba ukalira, mfuti imagwedezeka ndipo chipolopolo cha winawo chimatha kusuntha, n'kusiya mpata pakati pa icho ndi wonga. Kuomba zili choncho, chitsulo chimatha kung'ambika pomwe pagwira dzanja lamanzere. Gogodela zosula kumudzi ndiye zoopsa koposa.

Lamulo la Zambia limafuna laisensi ya mfuti, ndipo kusaka popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la nyama zakutchire la 2015. Abale anga a ku Rufunsa, nyama zikakuvutitsani m'minda, kauzeni a Department of National Parks and Wildlife.